Tsiku Limene Adadi Anafika pa Maliro Awo

Lachiwiri lapitali adadi anga anatsika m'takisi pageti pathu kuno ku Bangwe, pilo ali m'khwapa, jumbo ya mankhwala ili kumanja, n'kupeza amayi adzaza pakhonde akuwalira.

Anaima. Anayang'ana amayiwo, anayang'ana nthambi za mango zimene zinagonekedwa pamsewu, kenako anatembenuka n'kuyang'ana ine.

N'chifukwa chiyani pakachitika kanthu aliyense amayamba wayang'ana ine? Musayankhe. Inu amene mumawerenga danga lino sabata ndi sabata mukukumbukira za chule uja anapezeka m'chikwama cha amadamu, ndi za belu lija linalira nthawi yoweruka isanakwane. Koma ulendo uno sindinathyole tsamba ngakhale limodzi. Ine ndinangoyankha funso, mwezi wathunthu zisanachitike.

Ndiyambe ndi mlendo wathu.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda kamene kale tinkasungiramo makala. Chaka chino adadi anakapaka laimu, n'kuikamo bedi ndi tebulo, ndipo a kutchalitchi anatibweretsera munthu woti azigonamo. Dzina lake ndi Nirina, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri wochokera ku Madagascar. Masisitere a kwawo anamutumiza kudzaphunzira Chingerezi pa yunivesite ina m'tauni muno, kuti akakhoza ayambe maphunziro a unamwino. Kwawo amalankhula chinenero chawo ndi Chifalansa. Ana a mumsewu mwathu anangomuona tsitsi ndi maso n'kumutcha Mchaina, ndipo mpaka lero palibe wamkulu amene wawauza kuti alakwitsa dziko.

Ine ndi iye tinapangana zosavuta. Ndikaweruka kusukulu timakhala pakhonde ola limodzi, ine kumulankhulitsa Chingerezi, iye kundikokera m'masamu. Anzake a kuyunivesite samudikira. Akayamba chiganizo n'kukakamira pakati, iwo amamumalizira okha n'kumapita. Ine ndimadikira. Machimo ndili nawo ambiri, koma munthu wotchera anzake misampha kudikira amakudziwa.

Nirina ali ndi kakope kobiriwira kamene sasiyana nako. Chilichonse chimene wamva amalembamo, ndi tsiku lake, ndi dzina la amene wanena.

Tsono ndikufunseni. Munayamba mwapatsidwapo munthu wamkulu kuposa inu, wa kuyunivesite, amene amakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa panu mpaka kuchilemba? Ine ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, amami amatuluka kukaona okha. Mukanakhala ine mukanatani?

Ndinayamba ndi tizing'onoting'ono. Ndinamuuza kuti kuno potsika minibasi umatsanzika aliyense payekhapayekha, kuyambira mpando wa kumbuyo. Anachita zimenezo sabata ziwiri. Makondakitala a ku Limbe anafika pomamusungira mpando wa kutsogolo kuti asawachedwetse. Mwaona? Bodza langa linamupezera mpando wabwino. Ndani anandithokoza?

Ndiye tsiku lina tikuchokera ku Limbe, minibasi inachepetsa liwiro. Adalaivala anatsitsa wailesi, abambo ena anavula chipewa. Pamsewu panali masamba, mzere uku, mzere wina kutsogolo. Ngakhale mwana wa zaka zinayi amadziwa tanthauzo lake: panyumba ina pagwa zovuta, wanjinga atsike, wagalimoto ayende pang'onopang'ono, woseka atseke pakamwa.

Nirina anandikodola. Zimene amalankhula ndi ine amalankhula m'Chingerezi chake chodukaduka, ine ndikungokuikirani m'Chichewa.

"Esime, masamba chifukwa chiyani?"

"Ndi ulemu," ndinatero, nkhope ili phee ngati ndili pamzere wa ukalistia. "Munthu akachoka pakhomo nthawi yaitali n'kubwerako bwinobwino, timamuyalira masamba. Magalimoto amadutsa mwaulemu, aneba amabwera kudzamuona."

"Zokongola," anatero, n'kutulutsa kakope.

Ndinadziluma lilime mpaka pasiteji. Titafika kunyumba ndinaseka ndekha kubafa, kenako nkhaniyo ndinaiiwala.

Patapita masabata awiri adadi anagonekedwa kuchipatala. Chifuwa, komanso shuga anakwera. Msewu wonse unkadziwa, a mphakati wathu anabwera kudzapemphera kawiri, ndipo panali usiku umodzi umene amami anabwerako maso ali psuu osafuna kulankhula ndi munthu. Nirina ankati akatuluka m'kalasi amakwera minibasi ziwiri kukawapatsa phala m'fulasiki. Amawatchula kuti Papa. Ndi munthu yekhayo pakhomo pano amene amamvetsera nkhani zawo za kuwekishopu ku Chirimba mpaka kumapeto, mwina chifukwa theka lake salimva.

Lachiwiri m'mawa amami anaimba foni kuti adokotala awatulutsa, afika masana. Ine ndinapita kusukulu. Nirina sanapite. Anabwereka chikwanje, anakwera mumtengo wa mango wa kuseri, anadula nthambi zabwinozabwino, n'kuzigoneka pamsewu, mzere kumtunda kwa geti, mzere kumunsi. Anasesanso pakati pake.

Poweruka, nditangokhota pachigayo, ndinaona masamba. Kenako ndinamva kulira.

Owerenga, pano sindikuseka. Bodza lija ndinali nditaliiwala. Chimene ndinadziwa n'choti masamba ali pageti pathu ndipo mawu amene akulirawo ndi a amake Pilirani, aneba athu ogulitsa mandasi. Chikwama sindikudziwa kuti ndinachitaya pati, anachita kunditolera mawa lake. Ndinathamanga ndikuitana adadi ngati kamwana, ndipo kuchokera pachigayo kufika pageti ndinali mwana wamasiye.

Pageti ndinapeza Nirina atavala diresi lake la Lamulungu, maluwa ali m'manja, akumwetulira mokayika.

"Esime, abwera ambiri, monga unanenera. Koma akulira chifukwa chiyani? Ndi chimwemwe?"

Ndisanatsegule pakamwa, takisi inaima.

Amayi awiri anathawira kuseri kwa nyumba. Amake Pilirani, amene anali atagona chafufumimba pakhonde, anadzuka n'kukhala tsonga kukamwa kuli yasa. Adadi anafunsa mwaulemu wawo wa masiku onse.

"Pepani nonse. Watisiya ndani?"

Ndiye a Mulipa, mkulu wokhala kuseri kwathu, anakonza kukhosi.

"Ndinu, achimwene."

"Bwanji osandiuza? Ndikanavala jekete."

Ena anaseka, kuseka kwa anthu amene mtima sunabwerere m'malo. Amami, amene anatsika m'takisi limodzi ndi adadi, sanaseke. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti waika masamba ndani, ndipo kamwana kena kanaloza Nirina ndi chala.

Mukadaona mmene nkhope zinasinthira. Anthu omwewo amene misozi inali isanaume.

"Munthu ali moyo n'kumuikira masamba? Kumeneko n'kumuitanira imfa."

"Anthu a pazilumba amenewa sitiwadziwa."

"Ine ndakhala ndikumuona," anatero amake Pilirani, akumanga chitenje mwamphamvu. "Amalemba mayina athu m'kabuku. Langa lilimo, ndinaliona ndi maso angawa."

Zinali zitafika kale patali. Wina anali ataimbira foni kumudzi ku Phalombe, ndipo amalume anali m'basi. Amfumu anatumiza uthenga wofunsa kuti ndani wayala masamba m'dera lawo iwo osauzidwa. Madzulo amami anaima pakhomo pa kachipinda kaja n'kunena mawu ochepa: "Pofika Lachisanu mukhale mutapeza kwina." A Zuze, atcheyamani a mphakati, anapempha kuti nkhani iyambe yakambidwa Lachinayi masana, popeza mlendoyu anabwera kudzera kutchalitchi.

Kwina kwake kuti? Kuhositelo kunadzaza kalekale. Mayeso ake olankhula, oima yekha pamaso pa aphunzitsi atatu, ndi Lolemba likudzali. Akalephera, unamwino watha. Ndipo masisitere amene anamutumiza akangomva kuti mtsikana wawo wathamangitsidwa pakhomo ndi mbiri ya ufiti, simukufunika kukhala wa Fomu 4 kuti mudziwe tikiti imene amutumizire.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri n'choti Nirina sananditchule. Kakope anali nako m'manja, dzina langa lili momwemo, tsiku lake lili momwemo. Anangolowa m'chipinda n'kutseka.

Lachitatu m'kalasi sindinamve kanthu. Pobwerera ndinapeza tiana tikugenda malata a chipinda chake, amayi awo ali chapafupi akuchapa, osatiletsa. Ndinatithamangitsa, n'kugogoda.

"Unkadziwa?" anafunsa chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Ndinkadziwa."

"Ndinadula nthambi zokongola kwambiri. Ndinasankha."

"Bwanji sunawauze kuti ndine?"

"Ndi mawu ati? Ndikachita mantha, Chingerezi chimathawa. Chichewa ndili ndi mawu khumi, onse a moni. Komanso Papa angotuluka kumene. Akamva kuti ndi mwana wawo, adwalanso."

Kumbuyo kwake ndinaona sutikesi ili pabedi, yotsegula.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tilankhulane, inu ndi ine.

Akulu amati safunsa anadya phula. Nirina anafunsa. Phula anadyabe, chifukwa anafunsa ine. Koma anali ndi winanso woti amufunse? Miyezi isanu wakhala mumsewu muno. Ndani mwa amene anakhamukira pakhonde pathu anayamba wamuitanapo kuti khalani apa, mumwe madzi? Malamulo athu ndi ambiri ndipo sanalembedwe paliponse. Usadutse pakati pa anthu akucheza osawerama. Usalandire chinthu ndi dzanja lamanzere. Usatchule mkulu dzina. Tinawayamwira kubere, ndiye timaona ngati dziko lonse linayamwa bere lomwelo. Mlendo akaphonya kakang'ono timaseka. Akaphonya chachikulu timatola miyala. Koma kumuuza zisanachitike, ayi, imeneyo si ntchito yathu. Tinasiyira mwana wa Fomu 3 amene mbiri yake mukuidziwa nonse.

Ndipo eni dera ake ndife? Agogo awo a adadi anadutsa malire cha ku Mulanje atasenza mphasa, osadziwa ngakhale moni wa kuno. A Zuze anachokera kuchigwa, amake Pilirani kwawo sindikudziwa koma akakwiya amatukwana m'chinenero china. Bangwe yense ndi alendo amene anafika msanga. Tinangokhazikika pang'ono, basi tayamba kufunsa anzathu kuti kwanu mumadya anthu kapena ayi.

Chimene chikundiopsa ndi liwiro lake. M'mawa Nirina anali mtsikana waulemu uja amatsanzika m'minibasi. Pofika masana anali mfiti. Bodza langa ndinalikonza ndekha, linanditengera mphindi imodzi. Koma chigamulo chija sindinachikonze ine. Chinali chophikaphika, chikungodikira mbale. Munkachisunga kuti miyezi yonseyi?

Musaganize kuti ndikulapa. Bodza lija linali laluso, ndipo tsiku lina, adadi akadzachira bwinobwino, mudzavomereza kuti palibe munthu wina mu Blantyre muno amene anaonako chiwerengero cha anthu odzamulira iye ali moyo. Ena amafa osadziwa. Koma kuseka ndi kugenda n'zosiyana, ndipo ine sindinagendepo munthu.

Lachinayi masana tinakhala pakhonde pomwe paja. A Zuze pampando, adadi pampando atafunda bulangete, amami pamkeka ndi amayi ena, amalume a ku Phalombe ali pakona ndi nkhope ya munthu amene wakwera basi pachabe. Nirina anauzidwa kuti afotokoze. Anaimirira. Anatulutsa mawu atatu a Chingerezi, lachinayi linakana. Anayesanso, linakananso. Wina anatsonya.

"Tione kabukuko," anatero amake Pilirani.

A Zuze anakalandira, anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti magalasi aiwala kunyumba, komanso zolembazo n'zopendekera ngati mpanda wa chaka chatha. Anayang'anayang'ana.

"Esime, iwe ndi amene unazolowera kalembedwe kake. Tawerenga, uzitimasulira."

Taganizani. Wabodza wamkulu wa mumsewu muno apatsidwa umboni wonse m'manja, n'kuuzidwa kuti atiuze zimene zalembedwamo. Ndikanatha kudumpha tsamba. Ndikanatha kunena kuti pamenepo analemba m'Chifalansa. Mabodza atatu abwinoabwino anafika okha palilime, atavala kale nsapato. Koma ndinaona sutikesi ija m'maganizo, ndipo ndinayamba pa tsamba loyamba.

"Amake Pilirani. Mandasi awo ndi abwino kuposa a pasiteji. Sindinawauze chifukwa sindidziwa mawu ake."

Amake Pilirani anayang'ana kumbali.

"A Mulipa. Mwendo umawapweteka kukazizira. Ndikadzakhala namwino ndidzawafunsa."

A Mulipa anasisita bondo.

Ndinawerenga za mtengo wa tomato, za moni wa m'mawa ndi wa masana, za kutsanzika m'minibasi. Apa ena anayamba kundiyang'ana. Kenako ndinafika pa tsamba lija. Ndinawerenga mmene analembera.

"Esime akuti: masamba pamsewu ndi ulemu kwa munthu amene wabwerera kwawo ali bwino. Mwambo wokongola. Ndidzachitira Papa."

Tsiku limene analemba mawu omalizawo linali lomwe lija amami anabwerako maso ali psuu.

Amami anandiyang'ana ndi diso limene sindikufuna kulifotokoza m'nyuzipepala. Kenako adadi anayamba kuseka, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Nirina n'kuthamangira madzi.

Adadi atapuma anati: "Amake Esime, mwanayu sachoka pano. Nonsenu munabwera mutamva kuti ndafa, ndipo zikomo, ndaona kuti mudzabwera. Koma amene anandikonzera msewu akudziwa kuti ndili moyo ndi mmodzi yekha."

A Zuze anatseka ndi pemphero lalifupi. Chilango changa chinali chachitali. Ndayenda khomo ndi khomo kupepesa, nyumba khumi ndi zinayi. Ndinaperekeza amami kwa amfumu nditanyamula nkhuku imene inandinyera pa yunifolomu. Foni analanda, nkhani ino ndalemba pamanja. Amalume akuti poti abwera kale akhala sabata, ndipo akugona m'chipinda changa.

Mwina mukuti nkhani yatha bwino. Inenso ndikanakonda kutero.

Nirina wabweza zovala m'kabati, koma masamba onse a m'kakope amene anali ndi dzina langa wawang'amba. Anandipatsa m'manja, osakwiya, osamwetulira. Pakhonde sanabwere Lachisanu, sanabwere dzulo. Ndimamumva kuseri akulankhula yekha Chingerezi, akukakamira pakati pa chiganizo, popanda womudikira. Mayeso ndi mawa. Ndamutumizira kakalata pansi pa chitseko kuti ola lathu likadalipo ndipo ndilankhula zoona zokhazokha. Mukanakhala iye mukanakhulupirira?

Ndipo mumsewu simunayere. Ndinapepesa nyumba khumi ndi zinayi, ndinanena ndi pakamwa panga kuti wolakwa ndine, koma dzulo lomweli ndaona mayi wina akukokera mwana wake kumbali Nirina akudutsa. Kwa ine anangoti, "Iwe ndiye sudzasintha," n'kuseka. Ine wochita dala andikhululukira tsiku limodzi, poti ndine wawo. Iye wosadziwa kanthu akumuonabe ndi diso la m'mbali.

Adadi akutsokomolabe. Akatsokomola ndimasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera mpaka asiye. Shuga satha, adokotala ananena. Tsiku lina, kaya chaka chino kaya zaka makumi awiri zikubwerazi, masamba enieni adzagona pageti pathu. Ngati tsikulo lidzafulumire, Nirina akadali kuseri kuno, ndikudziwa chimene chidzanong'onedwe pakhonde paja, ndipo inunso mukuchidziwa.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula kuti pakachitika kanthu aliyense amayamba wayang'ana ine. Pano ndikupempha zomwezo. Zikadzavuta, mudzayang'ane ine. Mudzatha?